Yankho Likadali M'njira

Ndili ndi chizolowezi chimene anzanga amandiseka nacho. Ndikatsegula tsamba la pa intaneti n'kupeza tebulo lopanda kanthu, lija lokhala ndi mitu pamwamba koma pansi pake pali mbee, ndimachotsa dzanja pa mausi n'kukhala duu. Ngakhale tsambalo lilembe poyera kuti palibe chimene chapezeka, sindilikhulupirira msanga, ndimayamba ndadikira. Popeza ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a mtundu womwewu, wina angayese kuti n'kusamala kwa mmisiri, koma chizolowezichi sindinachitole pa desiki. Ndinachitola pa mzere, mu ofesi ya kagulu kena ka alimi, tsiku limene ndinaperekeza amalume kukafunsa za ndalama za soya wawo. Patsogolo pathu panali mayi ena achikulire, chiphaso chawo atachikulunga m'kajumbo. Kalaliki anatayipa dzina, anayang'ana pa sikirini, napukusa mutu. "Pepani amayi, dzina lanu mulibe muno." Mayiwo anati, "Taonaninso bwino mwana wanga, inetu ndinalembetsa." Mnyamatayo anapotolozera sikiriniyo kwa iwo, ngati kuti chizungu cha pamenepo chiwathandiza, n'kunena mwaulemu ndithu, "Si ine amayi, ndi kompyutayi. Ikuti mulibe." Mayiwo anabwezera chiphaso m'kajumbo muja, anamanga bwino chitenje, natembenuka. Ali chitembenukire choncho, ife a pambuyo tikuona, mizere inangoti waa kudzaza tebulo lija, dzina lawo lili pamwamba penipeni.

Anaitanidwa. Amalume ndi amene anakuwa, "Mayi, tabwerani, latuluka!" Kalaliki anapepesa, anthu anaseka, mzere unasuntha. Nkhaniyo ikanathera pomwepo. Koma amene anandikhala mumtima si mayi oitanidwawo ayi. Ndi ena aja amene anafika masiku ena, pamene kalaliki anali atatayipa kale dzina lotsatira, pamene panalibe amalume a munthu oti asuzumire pa sikirini. Anakwera kabaza kubwerera kwawo atauzidwa kuti sanalembedwe, ndipo wowauzayo sananame, anawerenga zimene zinali patsogolo pake. Ndayesa kufunafuna wolakwa pa nkhaniyi, koma aliyense amandipulumuka m'manja. Seva inali nalo dzinalo ndipo inalitumiza. Netiweki inachedwa, koma inafikitsa. Kalaliki anachita zimene anaphunzitsidwa. Bodza lonse linabisala m'kampata kakang'ono, masekondi ochepa pakati pa funso ndi yankho, pamene tsambalo linayenera kunena kuti likufunsabe koma linanena kuti palibe. Kampata kameneka ndi kamene ndakhala ndikukasinkhasinkha, chifukwa ambiri a ife olemba mapulogalamu sitikaona n'komwe, ndipo pa mapepala a mgwirizano amene timasainirana ndi otipatsa ntchito sikatchulidwa.

Zimene zimachitika mkatimo si zozizwitsa. Tsamba la masiku ano limabwera maulendo awiri. Ulendo woyamba umabweretsa chigoba: mitu ya tebulo, mabatani, bokosi lofufuzira, ndi khodi ya JavaScript. Khodiyo ikangodzuka imatumiza pempho lina ku seva, lofuna deta yeniyeniyo, ndipo siima kudikira. Singaime, chifukwa mu brawuza JavaScript imagwira chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo ntchito yomvera kudina kwa munthu ndi yojambula za pa sikirini zimadikira pa mzere womwewo. Itati iimire seva, tsamba lonse lingaume gwa, ngakhale batani silingadinike. Choncho imasiya mawu akuti yankho likafika mundiuze, n'kupitiriza zina. Zina zimenezo ndiye kujambula tebulo. Nanga lijambulidwa ndi chiyani deta isanafike? Wolemba khodi amayamba ndi mndandanda wopanda kanthu, kuti pulogalamu isagwe, ndipo penapake waika lamulo looneka lanzeru: mizere ikakhala ziro, uza munthu kuti palibe chapezeka. Lamulolo silitha kusiyanitsa. Mndandanda umene deta yake ili m'njira uli ndi mizere ziro. Umene pempho lake lafera panjira uli ndi mizere ziro. Umene seva yafufuza bwinobwino n'kupeza kuti munthuyo sanalembedwedi, nawonso uli ndi mizere ziro. Zinthu zitatu zosiyana kutalitali, china chofuna kudekha, china chofuna kuyesanso, china chofuna kuti munthu akadandaule kwa akuluakulu, zonse zikuoneka chimodzimodzi pa sikirini.

Apa ndi pamene ndimapezeka ndikulira chinthu chimene sindinkaganiza kuti ndingadzachilire: tsamba loyera lakale lija. Amene tinaphunzirira intaneti m'makafe, tikulipira pa mphindi, tikulikumbuka. Ukadina chilichonse, zonse zinkazimiririka, sikirini n'kuyera, kachizindikiro ka pakona ya kumanja n'kuyamba kuyenda, nyenyezi zikugwa mozungulira N wa Netscape kapena dziko likuzungulira pa Internet Explorer, pansi kamzere kakukwawa pang'onopang'ono. Tinkang'ung'udza, diso lili pa wotchi ya mwini kafe. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankasokonezeka. Mwana wasukulu, abusa, mayi odikira kalata ya mwana wawo wa ku Johannesburg, onse ankadziwa kuti tsamba likayera ndiye kuti dikira, ndipo zikakanika brawuza inkanena yokha, tsamba lonse n'kusanduka uthenga wa kukanikako. Chachikulu n'chakuti chizindikirocho sichinali cha mwini tsamba. Chinali cha brawuza. Wolemba pulogalamu, kaya waluso kaya waulesi, kaya walipidwa kaya abwana akumuzemba, sakanaiwala kuchiika, chifukwa wochiika sanali iye. Tebulo linkabwera pamodzi ndi mizere yake, kapena silinkabwera n'komwe. Ukaona tebulo lopanda kanthu masiku amenewo, tanthauzo lake linali limodzi basi.

Kusinthaku kuli ndi kwawo, kulinso ndi zaka zake. Akatswiri a Microsoft, pofuna kuti Outlook Web Access izionetsa makalata atsopano popanda kubweretsanso tsamba lonse, anapanga kachipangizo kotchedwa XMLHTTP, kamene kanatuluka ndi Internet Explorer 5 mu 1999. Mabrawuza ena anakatengera n'kukatcha XMLHttpRequest, koma kwa zaka zingapo ambiri sanakalabadire. Kenaka Gmail inatuluka mu 2004, Google Maps mu Febuluwale 2005, anthu n'kuona mapu akukokeka ndi mausi, zidutswa zatsopano zikudzaza zokha m'mbali, tsamba osaphethira. Mwezi womwewo Jesse James Garrett, wa kampani ya Adaptive Path ku San Francisco, analemba nkhani imene inapatsa kachitidweka dzina lakuti Ajax, ndipo kuchokera apo aliyense anafuna tsamba losaphethira. Mbiriyi imakambidwa ngati mbiri ya liwiro basi, koma panasunthanso china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Pempho lotumizidwa mwakachetechete chotere brawuza siililengeza. Kachizindikiro ka pamwamba sikayenda, ndipo likalephera palibe tsamba la uthenga limene limabwera. Udindo wouza munthu kuti adikire unachoka m'manja mwa makampani ochepa opanga mabrawuza n'kugawidwa kwa wolemba khodi aliyense pa dziko lapansi, pa tebulo lililonse, pa batani lililonse. Akuluakulu amati walira mvula walira matope, koma pano matopewo anakaponda ena, osati amene analira mvulawo.

Komabe ndikaganizanso, kulira kwangaku kuli ndi kachinyengo kake, pakuti kubwerera sindingafune. Tangoganizani kaundula wa alimi zikwizikwi. Kale, kuti usanje maina motsatira alifabeti kapena upite pa tsamba lachiwiri, chigoba chonse chinkabweranso pamodzi ndi mizere, ndipo zimene unali utalemba theka m'mabokosi ena nthawi zambiri zinkapita. Lero tebulo limatha kupempha mizere 25 yokha, n'kuuza seva kuti yambira pa mzere wakuti, undipatse yochuluka chotere, yosanjidwa motere. Seva imafufuza, n'kubweza kamtolo kakang'ono ka JSON pamodzi ndi chiwerengero cha mizere yonse, kuti pansi palembedwe kuti ukuona 1 mpaka 25 mwa yochuluka mwakuti. Kwa munthu amene intaneti yake ndi bandulo ya pa foni, yogula ndi ndalama ya m'thumba mwake pamene ofesi yachedwa kumubwezera, kusiyana kumeneku kumafika mpaka pa ndiwo za madzulo. Foni yotchipa, imene ingakomoke itapatsidwa mizere yonse nthawi imodzi, imanyamula 25 osatuluka thukuta. Ndiye kuti njira imene inabweretsa kampata kaja ndi yomweyonso imene inachititsa kuti kalaliki wa pa tiredingi senta akhale ndi kaundula wa maboma onse m'manja mwake. Sindingatole chimodzi n'kukana chinzake. Chimene ndingafunse n'chakuti, bwanji ife amene tinalandira mphatsoyi tinasiya pakhomo ntchito imene inabwera nayo?

Chifukwa chimodzi n'chakuti pa desiki yathu kampatako sikakhalapo. Tikamalemba, seva ndi brawuza zimakhala mu laputopu imodzi. Pempho limapita n'kubwera diso lisanaphethire, ndipo uthenga wakuti palibe umangoti ng'ani n'kuzimiririka wina asanauwerenge. Pulogalamu ikatha timakaionetsa m'chipinda cha misonkhano cha ku hotela, pa Wi-Fi yabwino, mabwana n'kuwomba m'manja. Koma seva yeniyeni nthawi zambiri imakakhala kutali, ku Frankfurt, ku Dublin, kapena zikakoma ku South Africa, kumene Microsoft inatsegula malo ake osungira deta ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon n'kutsatira ku Cape Town mu 2020. Kuwala m'chingwe cha faiba kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndipo palibe injiniya angakukalipire kuti kufulumire. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Frankfurt ndi makilomita opitirira 7,000 ukayeza mowongoka, koma chingwe sichiwongoka: dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho chimayamba chadutsa kwa anansi monga Tanzania ndi Mozambique, n'kukalowa pansi pa nyanja. Ndipo deta isanayambe kuyenda, makina awiriwo amayamba adziwana n'kugwirizana za kabisidwe ka uthenga, kupita ndi kubwera kangapo. Onjezanipo nsanja ya foni yopanikizika tsiku la msika. Mu Meyi 2024, zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka m'nyanja cha ku gombe la South Africa, ife kuno pamodzi ndi a ku Tanzania ndi ku Mozambique tinaona kampata kaja katakula moti aliyense anagweramo. Masamba ena ankatseguka ndithu, mitu ndi mabatani zili m'malo mwake, matebulo ali mbee.

Jakob Nielsen, m'buku lake la 1993 lotchedwa Usability Engineering, potsatira zimene Robert Miller analemba mu 1968, anatchula malire atatu a kupirira kwa munthu pa kompyuta. Yankho likabwera mkati mwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, munthu amamva ngati zachitika pompo. Likatenga sekondi imodzi, amaona kuchedwa koma maganizo ake saduka. Likafika masekondi 10, maganizo achoka, wayamba zina. Malirewa ndi a mutu wa munthu, sasintha ndi dziko. Chimene chimasintha ndi pamene munthu waima. Wolemba khodi amagwira ntchito asanafike ndi pa malire oyamba omwe, pamene kalaliki amaswera pakati pa achiwiri ndi achitatu. Ndipo kalaliki amene mzere wake wafika panja sangadikire masekondi 10 pa dzina lililonse pokhapokha china chake chimuuze kuti dikira. Chodabwitsa n'chakuti chida choonera zimene iye amaona tili nacho kale. Mu Chrome ndi mu Firefox, pa zida za olemba mapulogalamu, pali kabokosi kochepetsera dala liwiro la netiweki, kuti laputopu ya mu ofesi iziyenda ngati foni ya 3G. Ndafunsapo anzanga a ntchitoyi ngati amakagwiritsa. Kukadziwa amakadziwa, koma oyatsa ndi ochepa, ndipo akayatsa amazimitsa msanga, ati kakuwachedwetsa ntchito. Ndimawamvetsa. Ndani angakhale dala pa mavuto pamene batani lotulukira lili pansi pa chala chake?

Pali chinanso choipa kuposa tebulo lopanda kanthu, ndipo ichi chimandisautsa kwambiri chifukwa sichioneka ngati vuto: tebulo lodzaza ndi yankho la funso lina. Mayankho a pa netiweki sabwera motsatira m'mene mafunso anapitira. Zili ngati mayi amene watuma mwana kukagula mchere, kenaka wasintha maganizo n'kutuma wina kukagula shuga, ndipo lamulo la pakhomopo n'lakuti aliyense akafika akhuthule za m'chitini n'kuikamo zimene wabwera nazo. Wa shuga wathamanga n'kufika msanga. Wa mchere anaima kaye pa mpira, wafika pambuyo, wataya shuga uja n'kuthiramo mchere, chitini chikadali cholembedwa shuga. Kalaliki wasankha boma la Dedza, waona kuti si limenelo, wasankha Ntcheu. Mapempho awiri ali m'njira. La Ntcheu labwera msanga, tebulo ladzaza bwino. La Dedza, limene linachedwa penapake, lafika pambuyo n'kufufuta zonse. Pamwamba palembedwa Ntcheu, mizere ndi ya Dedza. Bokosi lofufuzira limene limatumiza pempho pa chilembo chilichonse limachita zomwezo kambirimbiri: munthu watayipa Chi, kenaka Chir, kenaka Chirwa, ndipo yankho la Chi, lolemedwa ndi maina ambirimbiri, ndi limene limafika pomalizira. Palibe uthenga wofiira, palibe chochenjeza. Manambala amaoneka aukhondo, amakoperedwa mu lipoti, lipoti n'kupita ku likulu. Wina akadzadandaula, wolemba khodi amayesa pa laputopu yake, pamene mayankho amabwera mwadongosolo nthawi zonse, n'kuyankha ndi mtima woyera kuti kwa iye zikuyenda.

Mankhwala ake ndi ochepa modabwitsa. DataTables, chida cha matebulo chimene Allan Jardine wa ku Scotland analemba pamwamba pa jQuery, chimaika nambala pa pempho lililonse lopita ku seva, nambala yotchedwa draw, imene imakwera ndi imodzi ulendo uliwonse. Seva imayenera kubweza nambala yomweyo pamodzi ndi mizere. Yankho likafika ndi nambala yotsika kuposa ya pempho laposachedwa, tebulo limalitaya osalionetsa. Basi, n'zomwezo. Kuyambira mu 2017 mabrawuza anayambanso kubwera ndi AbortController, yolola kuletsa pempho lakale ukangotumiza latsopano, ndipo ena amachititsa bokosi lofufuzira kudikira kaye kamphindi kuti zala za munthu zileke kutayipa lisanatumize kalikonse. Koma nambala ija ndi imene imandigwira mtima. Ikuvomera chinthu chimene ife anthu timachedwa kuvomera, chakuti yankho loona limatha kusocheretsa likafika pa nthawi ina, ndiponso kuti yankho lililonse liyenera kubwera ndi chizindikiro cha funso limene likuyankha. Mizere ya Dedza inalibe cholakwika. Uliwonse unali woona. Inangofika pamene munthu anali atasiya kale kufunsa za Dedza. Amene anaganiza zoika nambalayi anakhala pansi n'kulingalira za munthu wa netiweki yosadalirika, munthu amene sadzamuona, ndipo ndikapeza kanambala kotere mu khodi ya wina ndimayamba kuwerenga zotsalazo ndi ulemu.

Chimandidabwitsa n'chakuti JavaScript yeniyeniyo imadziwa zimene sikirini imaiwala. Promise, mbali yake yoimira yankho limene likudikiridwa, imene inalowa m'chilankhulochi mwalamulo mu 2015, imakhala mwa njira zitatu: ikudikira, yakwaniritsidwa, kapena yakanidwa. Kenaka mu 2017 kunabwera async ndi await, zimene zinatipeputsira ntchito kwambiri, koma pamodzi ndi kupeputsako zinapinda kudikira konse n'kukulowetsa m'liwu limodzi. Khodi imawerengeka ngati nkhani yoyenda mowongoka: tenga deta, ika mu tebulo. Pakati pa mizere iwiriyo, pamene diso la wolemba limangolumpha, mpamene pali masekondi onse aja, mpamene munthu angadine batani lina, kusintha boma, kutseka tsamba, kapena kuuza wina kuti azipita. Ndiye palinso msampha wa fetch, chida chimene chinadza m'malo mwa XMLHttpRequest. Seva ikayankha kuti yasokonezeka, ndi nambala 500, kapena kuti adiresi yofunidwayo siikuidziwa, ndi 404, fetch siyesa zimenezo kulephera. Kwa iyo yankho labwera. Zili kwa wolemba kufunsa ngati yankholo ndi labwino. Akapanda kufunsa, kapena akagwira cholakwikacho n'kuchikwirira kuti pulogalamu isagwe pamaso pa abwana, kusokonezeka kwa seva kumasanduka mndandanda wopanda kanthu, ndipo tabwerera pa mizere ziro paja. Pulogalamu yogwa ndi phokoso imachititsa manyazi mwini wake. Yokwirira imachititsa manyazi munthu wa pa mzere, amene amaoneka ngati akunamizira kuti analembetsa.

Mawu a kalaliki aja amandibwererabe: si ine, ndi kompyutayi. Pa nthawi ya mabuku a chikuto cholimba, kalaliki akasowa dzina ankanyowetsa chala n'kubwereza masamba, ankafunsa mnzake ngati pali buku lina, ankafunsa mwini dzina ngati analembetsa ndi la bambo awo kapena la ku banja. Ankalikayikira buku chifukwa ankadziwa manja amene analilemba, ankadziwa kuti Phiri amatha kulembedwa Piri, kuti tsamba limathothoka. Dzina likasowa, apo ndi pamene kufufuza kunkayambira. Sikirini sitiikayikira choncho. Zilembo zake ndi zowongoka, inki yake sifufuma ndi mvula, ndipo ikamalankhula imalankhula ndi liwu limodzimodzi, kaya ikudziwa kaya sikudziwa. Buku silinkatha kunena kuti palibe. Linkangokhala chete, wogamula anali munthu. Tebulo la pa intaneti limagamula lokha, m'chiganizo chathunthu, ndipo chiganizocho chinalembedwa miyezi yapitayo ndi munthu amene sanapondepo mu ofesiyo, mwinanso sanachilembe n'komwe, anachipeza chili kale m'chida chimene anagwiritsa. Apa ndi pamene ntchito yathu imandiopsa pang'ono. Timalemberatu mawu amene anthu ena adzalankhule ndi pakamwa pawo, kwa anthu amene alibe potsutsira, ndipo pa tsikulo ife tidzakhala tili pa polojekiti ina.

Wina anganene kuti nkhani yonseyi ndi ya kagudumu kozungulira kosonyeza kuti deta ikubwera, ikani kagudumu mlandu uthe. Ndikanakonda zikanakhala choncho, koma kagudumu nako kamanama. Kambiri ndi kachithunzi chabe kosadziwa kanthu. Pempho litha kufa kalekale iko kakuzungulirabe. Masamba ena amaonetsa mizere yotuwa, zithunzithunzi za deta imene ikubwera, monga amachitira Facebook ndi YouTube. N'zokongola, koma zimalonjeza kuti kanthu kabwera, pamene mwina sikabwera. Ena amasiya mizere yakale pamalo pake mpaka yatsopano ifike. Izi ndimazikonda pa tebulo la nkhani kapena la ndandanda ya masewera, koma pa tebulo la ndalama za munthu zimandiopsa, pokhapokha mizereyo itatuwitsidwa ndi kulembedwa nthawi imene inatengedwa. Ndiye pali munthu wosaona, amene kompyuta imamuwerengera za pa sikirini. Kwa iye kagudumu sikatanthauza kanthu, mizere imasintha iye osadziwa, pokhapokha wolemba ataika zizindikiro za ARIA zouza chowerengeracho kuti apa pasintha. Ndikazungulirazungulira pa njira zonsezi ndimakafika pa mawu wamba, olembedwa m'chilankhulo cha amene ali pa desikiyo. "Dikirani, tikufufuza." "Sitinathe kufika ku seva, yesaninso." "Tafufuza maina onse, ili sitinalipeze." Ziganizo zitatu, ndipo chachitatucho chisaoneke mpaka seva itayankhadi. Si luso lapamwamba. Ndi ntchito ya masana amodzi, koma yosaoneka pa chionetsero cha ku hotela, n'chifukwa chake imakhala yoyamba kudumphidwa nthawi ikathina.

Ngakhale zonsezi zitachitika, pamatsala funso limene khodi singadziyankhire. Chiganizo choyamba chija chisanduke chachiwiri liti? Pa netiweki palibe njira yosiyanitsira yankho lochedwa ndi yankho limene silidzabwera. Zonse ndi zii. Wolemba ayenera kusankha yekha nambala ya masekondi, n'kunena kuti apa ndiye tagonja. Ukadula msanga, titi pa masekondi 5, wataya mayankho amene akanafika pa 7, ndipo a netiweki yofooka sadzaona deta mpaka kale. Komanso kuyesanso kulikonse kumasenzetsa katundu wina seva imene mwina yatopa kale. Ukadikira mphindi yathunthu, mzere wafika kumsewu. Mnyamata wina amene ndikumuphunzitsa ntchito anandifunsa posachedwa, "Achimwene, ndiike masekondi angati?" Ankayembekezera nambala yoti angoikopa. Ndinamuuza kuti atenge laputopu, akwere minibasi, akakhale tsiku la msika pambali pa munthu amene adzagwiritse pulogalamuyo, intaneti yake ikhale ya pa foni ya munthuyo, ayeze kuti mayankho akutenga nthawi yaitali bwanji, aonenso kuti munthuyo amapirira mpaka pati asanadine kachiwiri. Anandiyang'ana ngati ndamupatsa chilango, kenaka anafunsa kuti ya thiransipoti alipira ndani. Bajeti ya polojekitiyo ili ndi ndalama ya seva, ya hotela ndi ya zikwangwani, koma ulendo wotere palibe anauganizira. Pakali pano mu khodi muli 30, nambala imene anaipeza pa chitsanzo cha munthu wa dziko lina, ndipo za ulendowo tikukanganabe ndi a zachuma.